Masamu a Tiyi ndi Nzeru za Amayi Anga

Amayi anzanga, inu amene mumalawirira m'mame ndi dengu kumsana m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, mundilole lero ndikuululireni manyazi anga. Ine ndine mwana wa mayi wothyola tiyi, koma ntchito yanga ndi yophunzitsa ku yunivesite. Ndimaphunzitsa anyamata ndi atsikana kulosera ndi masamu m'mene zomera zimakulira.

Njira yake si yovuta. M'chaka cha 1979 katswiri wina, G. R. Squire, adafalitsa kafukufuku wa tiyi wa kuno ku Malawi wosonyeza kuti nsonga ya tiyi imaleka kukula kukazizira kufika pa madigiri 12 kapena 13. Tsono wophunzira amatenga kutentha kwa tsiku, nachotsapo 12.5, nawonkhetsa zotsalazo tsiku ndi tsiku. Tsiku la madigiri 22 limapereka 9.5, pamene la madigiri 17 limapereka 4.5 basi. N'chifukwa chake nsonga imene imakhwima msanga mu Januwale imazengereza mu Juni, nthawi ya chiperoni, kamvula kozizira kaja kotchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone la ku Mozambique.

Ophunzira anga adalowetsa zimenezi m'kompyuta, ndipo idalosera masamba ochuluka mu Okutobala, poti ndi mwezi wotentha. Ine, monyada, ndidakawasonyeza amayi pepalalo. Adaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Mwanawe," adatero, "mu Okutobala dengu limapepuka. Tiyi amakhala ali ndi ludzu. Kodi makina akowo sadziwa zoti ambiri a ife timakhala pakhomo kudikira mvula?"

Ndidati kukamwa yasa. Pofuna kuwapeputsira phunziro ophunzirawo, ndidasiya chinyezi cha m'nthaka ndi kuuma kwa mpweya, zinthu zimene akatswiri a ku Mimosa ku Mulanje adazidziwa kalekale. Pajatu tiyi wambiri amathyoledwa kuyambira Disembala kufika Epulo.

Musayese ndi nkhani ya m'kalasi chabe. Ana amenewa mawa ndiwo adzalangize eni minda kuti alembe antchito angati, mwezi uti, ndi kuthirira liti. Akaphonya masamu, mphika umene udzagone wozizira ndi wanu.

Chaka chotsatira ndidaitana amayi kukalankhula ndi ophunzirawo. Adavala chilundu chawo chakutchalitchi, nakana mpando, nayamba ndi kuwafunsa ngati alipo amene adagwirapo nsonga ya tiyi. Pa gulu lonselo adakweza dzanja ndi mtsikana mmodzi.