Kwa mwana wanga amene akupita ku Joni

Tsangano, Ntcheu

Mwana wanga,

Usiku wathawu amayi ako anakuuza zikuluzikulu: za pemphero, za anzako a m'njira, za kutidziwitsa ukangowoloka pa Beitbridge. Ine ndinangokhala chete n'kumasonkhezera moto. Zimene ndimadziwa ine ndi za manja, ndipo sizilankhulika bwino anthu atadzaza nyumba. Ndiye ndalemba kuti uwerenge m'basi, pakuti msewu wa ku Tete ndi ku Harare ndi wautali.

Amalume ako akuti kumene akupezera ntchitoko kuli kathirakitala kotchetchera kapinga, kochita kukhalapo pampando, ka injini ya petulo ya Briggs & Stratton. Usakaope. M'mimba mwake ndi pachibale ndi pampu yathu yothirira kachewere, imene wakhala ukuikoka chingwe kuyambira uli Sitandade 6. Tsiku lina m'mawa kadzakana kulira, abwana ali chiimire pakhonde, ndipo mtima wako udzafuna kuti ugwire chilichonse msangamsanga. Pamenepo ndi pamene ndikufuna undikumbukire. Usanamasule kanthu, dziwa kaye ngati injiniyo yatsamwa ndi petulo kapena ili ndi ludzu. Matenda awiriwa amaoneka ofanana, pakuti onse amakanitsa injini kulira, koma mankhwala a ena amakulitsa enawo.

Wokuuza zoona ndi pulagi. Zungulitsa injini kangapo, kenaka masula pulagiyo uiyang'ane. Ikatuluka yonyowa, yakuda, ikununkha petulo, injini yatsamwa. Ikatuluka youma gwa, petulo sakufika. Ngati injiniyo sikuzungulira n'komwe ukapotoza kiyi, yamba waona batire ndiponso timaswichi ta pansi pa mpando ndi pa buleki, chifukwa makina amenewa anawapanga kuti asalire ngati sunaponde buleki kapena mipeni yake ili yolumikiza. Anthu ambiri aphwasula kabuleta yabwinobwino chifukwa cha zimenezi.

Kabuleta uiganizire ngati thanki ya chimbudzi cha madzi imene unaona kuchipatala ku Ntcheu. Pansi pake pali kambale kosungira petulo. M'kambalemo muli fuloti, kanthu kopepuka koyandama, ndipo petulo akadzaza fuloti imakwera n'kukankha kasingano kamene kamatseka khomo lolowera. Basi, nzeru yonse ndi imeneyo. Kamchenga kamodzi kakakhala pakamwa pa kasinganoko, kapena nsonga yake ya labala ikadyeka, kapena fuloti ikabooka n'kumira, khomo silitsekeka. Petulo amangolowa mpaka kusefukira kukhosi kwa injini. Udzamva fungo usanafike pafupi, udzaona kudontha cha ku fyuluta ya mpweya, ndipo ikalira idzatulutsa utsi wakuda uku ikutsokomola.

Ukadziwa kuti yatsamwa, tseka kampopi ka petulo ngati kalipo. Chotsa choki, pakuti choki imapana mpweya ndipo kuikoka injini itatsamwa kale kuli ngati kuthira madzi m'kamwa mwa munthu amene akumira. Pukuta pulagi iume. Waya wa pulagi uuike kutali ndi bowo lake, phimba bowolo ndi kasanza, uzungulitse injini pang'ono kuti ilavule petulo amene ali pamwamba pa pisitoni. Uchitire panja, pasakhale wosuta fodya pafupi. Dikira mphindi 15, bwezera pulagi, ilize popanda choki. Nthawi zina kugogoda kambale kaja pang'onopang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva kumamasula fuloti yomata. Ikayambiranso kusefukira, m'pamene umasule kabuleta. Gwedeza fuloti pafupi ndi khutu. Ikamveka kuti muli madzimadzi, yabooka. Kasingano ukayese chonchi: kabuleta itauma, itembenuze chadodolido, upuzire pakamwa polowera petulo. Mpweya ukadutsa, sikakutseka. Osaiwala kuyang'ana fyuluta ya mpweya, chifukwa ikadzaza fumbi ndi zinyalala za udzu imagwira ntchito ngati choki yosachoka.

Tsono mvetsetsa apa, chifukwa apa ndinalirapo ine. Ukukumbukira mu 2022 petulo atasowa, magalimoto akugona pamizere m'mafilingi siteshoni? Kachewere wathu wa m'dimba la kumunsi anali atangoyamba maluwa, dzuwa likuswa mtengo. Ndinagula malita 5 a m'chigubu m'mbali mwa msewu, ndinathira osasefa, ndipo madzulo nditathirira ndinaiwala kutseka kampopi. Usiku wonse petulo anali akuyenda: kudutsa pa kasingano kopanidwa ndi mchenga, kulowa mu silinda, kutsetsereka m'mbali mwa pisitoni mpaka mu oyilo. M'mawa chingwe chinali cholimba kukoka. Ndinachotsa pulagi, petulo anathovoka, ndinaumitsa, injini inalira, ine n'kusangalala kuti ndakonza. Oyilo sindinamuyang'ane. Masana asanafike injini inayamba kugogoda ngati munthu akusinja pamtondo wopanda kanthu, kenaka zii. Oyilo anali atasanduka madzi, zitsulo zinadyana. Unali nane pamene tinkasenza makheni kuchokera kumtsinje masabata atatu aja, ndipo mizere ya kumtunda sitinaipulumutse. Ndalama ya kachewere amene tinagulitsa pa Tsangano Turn Off chaka chimenecho inathera ku injini ina.

Ndiye injini iliyonse imene yatsamwa, solola choyezera oyilo usanailize. Ngati oyilo wakwera kupitirira mzere, wapyapyala, akununkha petulo, mukhuthule yense uthire watsopano, ndipo ukonze kasingano kaye, apo ayi mawa zidzabwereza. Pa mathirakitala ena thanki imakhala pamwamba pa kabuleta, ndiye petulo amatsika yekha ngakhale makina ali chigonere m'galaja. Ngati palibe kampopi, pempha abwana agule ka papayipi. N'kotchipa kuyerekeza ndi injini. Pansi pa kambale udzapeza kachitsulo kokhala ndi waya, kamene amati solenoid. Kamalira kuti "tha" ukapotoza kiyi. Ntchito yake ndi kutseka jeti, kabowo kotulukira petulo m'kambale, injini ikazima, sikaletsa kambale kusefukira, choncho usakadalire. Kakafa, injini imamva ludzu kambale kali kodzaza.

Za ludzu ndi zosavuta, bola uyambire ku thanki n'kumatsika nayo njira ya petulo. Injini ikamalira bwino mphindi 10 kapena 20 n'kuzima, masula chitsekerero cha thanki. Ukamva kuti "fyuu", ndiye kuti kabowo kake kopumira katsekeka ndipo thanki ikukakamira petulo. Kenaka ona fyuluta ya papayipi, ona payipi ngati yapindika kapena yang'aluka, ona kapampu ngati kalipo. Injini ikamalira pokhapokha choki ili yokoka, kapena ikamakwera n'kutsika yokha ngati munthu wa befu, jeti yatsekeka. Itsuke ndi mankhwala otsukira kabuleta ndi mpweya. Ikakanika, gwiritsa ntchito kaulusi kamodzi ka waya wa kopa wofewa. Singano yosokera kapena msomali zimakulitsa bowo, ndipo bowo likakula injini idzakhala yotsamwa moyo wake wonse. Timasikuluwu tochunira usatipotoze mwachisawawa. Ukafunika kutero, werenga kuti wazungulitsa kangati kuti uthe kubwerera pomwe unayambira.

Petulo weniweniyo umukayikirenso. Khuthulira wa m'kambale m'botolo loonekera, uliimike padzuwa. Madzi ngolemera, amakhala pansi ngati timikanda. Kwathu kuno petulo amamusakaniza ndi ethanol wa nzimbe wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyontho, n'chifukwa chake m'nyengo ya nkhungu ya Juni ndinkakuletsa kusiya chigubu chosatseka. Petulo aliyense akakhalitsa amawola: amada, amanunkha ngati vanishi, amasiya phula m'timabowo. Ku Johannesburg dzinja lawo lozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kapinga sakula ndipo makina amangokhala. Usanawaimike, tseka petulo uisiye injini ilire mpaka izime yokha, kambale kaume. Ndiponso mzinda umenewo uli pamtunda wa mamita opitirira 1,700, mpweya wake ngopepuka ngati wa m'mapiri mwathu muno, ndiye injini imachedwa kufuna choki koma imafulumira kutsamwa. Ikangolira, bweza choki. Zigubu uzilembe: cha makina odulira udzu a pamapewa chimakhala ndi petulo wosakaniza ndi oyilo, chimenecho chisayandikire thirakitala.

Usalize injini m'galaja yotseka, ngakhale kunja kukuzizira chotani. Utsi wake umapha mwakachetechete ngati mbaula ya makala m'nyumba yotseka mawindo. Usathire petulo injini ili yotentha, ndipo usayamwe payipi ndi pakamwa monga unkaonera anyamata a njinga zamoto.

Makinawo ndi a eni ake, mwana wanga. Ukaona vuto, kawauze abwana zimene waona, uwaonetse pulagi, uwanunkhitse choyezera oyilo. Ngati unaiwala choki kapena kampopi, nena kuti ndinaiwala. Ine sindinauze amayi ako za kampopi kaja mpaka patatha mwezi, ndipo mwezi umenewo unandilemera kuposa makheni. Pamene nzeru zako zathera, nena kuti apa pakufunika makaniko, ndipo akabwera ima pambali pake uone manja ake.

M'thumba la m'mbali la chikwama chako ndaikamo sipanala yanga ya pulagi ndi ya 10, ndazikulunga m'sanza yofiira ija. Ya pulagi mwina sikakwana pa injini yakumeneko, ukayese usanaidalire. Pampu ya kuno usaidere nkhawa, mng'ono wako wayamba kale kuidziwa, ndipo dzulo watseka kampopi ndisanamuuze. Ukafika, unditumizire chithunzi cha injiniyo pa WhatsApp ya mlongo wako, ujambule mbali imene kuli kabuleta.

Ndine,
Bambo ako