Nkhungu Ina Ndi Bwenzi La Mlimi

Anzanga alimi a fodya, tamverani zimene zinachitika pa nazale ya malume anga kufupi ndi mtsinje wa Bua ndili mwana wa sukulu. Mbande zinamera bwino, koma posakhalitsa zinayamba kuda pa tsinde, pomwe zimagundana ndi dothi, ndi kugwa. Zina zimene zinatsala zinachita mawanga ozungulira pa masamba. Malume anati alodzedwa. Fodya anachepa, ndipo ndalama za sukulu yanga zinasowa kufikira atagulitsa mbuzi ziwiri.

Nditayamba ntchito ya ulangizi ndinadziwa mfiti yake. Ndi nkhungu ya m'dothi yotchedwa Rhizoctonia, m'bale wake wa bowa, koma yosaoneka ndi maso. Imaoletsa tsinde, ndipo mtundu wina wa nkhungu yomweyi umakwera pa masamba nkuwaboola.

Chimene chinandidabwitsa ndi ichi: m'dothi lomwelo mumakhala nkhungu ina yobiriwira, dzina lake Trichoderma, yokonda zinyalala zoola ndi manyowa. Mu 1932 katswiri wina, Weindling, anaiona ku America ikuzengereza ulusi wa nkhungu yoipa ija ndi kuidya. Ku Kutsaga, malo ofufuza za fodya pafupi ndi Harare, anaiyesa pa mbande za fodya m'zaka za m'ma 1980, ndipo matenda a tsinde anachepa.

Koma ndikuchenjezeni. Nkhungu iyi ndi yamoyo, si mankhwala a m'botolo. Imafa ndi dzuwa, ndi moto, ndi mankhwala ena ophera nkhungu. Ndiponso siichiza tsamba lodwala kale. Ntchito yake ndi ya mlonda: iyenera kufika pa mizu mbala isanafike. Chifukwa chake imathiridwa pa nazale mbande zikali zazing'ono, kuti popita kumunda ipite nazo pamodzi.

Nanga inu mungachitenji chaka chino? Thirani manyowa oola bwino, osati aawisi. Musafese mothithikana, ndipo musathirire madzi mopitirira, pakuti nkhungu yoipa imakonda chinyontho. Musabwereze nazale pamalo a chaka chatha. Wina akabwera ndi paketi nati ndi Trichoderma, yambani mwafunsa mlangizi wanu kapena wa ARET musanatulutse ndalama.

Malume anga tsopano akalamba, koma nazale ikadalipo. Ndikapitako iwo amatapa dothi m'manja, kulinunkhiza, ndi kundifunsa ngati alonda anga aja alimo.