Tauni Yomwe Inatseka Zitseko

Mwa mafilimu onse a makauboyi amene taonerapo, ilipo imodzi yomwe yakana kuchoka m'mutu mwathu, ndipo chodabwitsa n'chakuti ndi yomwe mfuti zimalira pang'ono. Dzina lake ndi High Noon, kunena kuti dzuwa lili paliwombo. Inatuluka ku America m'chaka cha 1952, zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, ndipo imatenga mphindi 85 zokha. Anyamata ozolowera mafilimu a nkhonya omwe ma DJ amamasulira m'Chichewa m'mavidiyo a pamsika akhoza kuyamba kusinza isanafike pakati, pakuti kwa nthawi yoposa ola palibe wowombera mnzake. Munthu amangoyenda mumsewu, kugogoda pazitseko ndi kuyang'ana wotchi.

Nkhani yake ili motere. Will Kane, yemwe mbali yake anasewera ndi Gary Cooper, ndi marshal wa katauni kotchedwa Hadleyville m'chigawo cha New Mexico, masiku omwe boma linali kutali ndipo chitetezo cha tauni chinali m'manja mwa munthu wovala nyenyezi yachitsulo pachifuwa. Marshal tingoti ndi mkulu wa apolisi wa m'tauniyo. Lamulungu m'mawa, Kane wangomanga kumene ukwati ndi Amy Fowler, ndipo watula pansi udindo kuti akayambe moyo wina wogulitsa m'sitolo. Wolowa m'malo mwake afika mawa. Anthu akali kuwayamikira, pakufika telegalamu: Frank Miller, chigawenga chomwe Kane anachigwira zaka zisanu zapitazo n'kugamulidwa kuti chinyongedwe, achikhululukira, ndipo chikubwera pa sitima ya 12 koloko masana. Mchimwene wake Ben ndi anzake awiri ali kale pasiteshoni kudikira.

Anzake a Kane akumukweza pangolo mwachangu kuti athawe ndi mkazi wake. Atayenda pang'ono, iye akuimitsa akavalo n'kubwerera. Zifukwa zake n'zomveka: kuthengo alibe mfuti, amuna anayi akamupeza, ndipo akathawa lero adzakhala wothawa moyo wake wonse. Chinanso, tauni ikhala tsiku lathunthu yopanda mlonda. Iye ali ndi chikhulupiriro chakuti anthu omwe wawatumikira amuthandiza, monga momwe anachitira ulendo woyamba.

Mkulu yemwe anatsogolera kujambula filimuyi, Fred Zinnemann, anachita zanzeru. Nthawi ya m'filimu ikuyenda pafupifupi chimodzimodzi ndi nthawi ya woonera. Mphindi ikatha pakhoma la ofesi ya Kane, yathanso pa dzanja lanu. Ife amene timaphunzitsa ana kuwerenga nthawi poona mthunzi tinachita nazo chidwi kwambiri zimenezi, chifukwa woonera amayamba kumva kutentha kwa dzuwa likukwera, pamene anthu othandiza akunka nachepa.

Pamene pali mtima wa filimuyi ndi pa zifukwa zomwe aliyense akupereka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akunena poyera kuti akuopa. Jaji yemwe anagamula mlandu wa Miller akulongedza mabuku ake a malamulo, mbendera ndi sikelo ya chilungamo, n'kukwera kavalo. Wachiwiri kwa Kane, Harvey Pell, akuti athandiza pokhapokha Kane atamunenera kwa akuluakulu kuti udindo ukhale wake. Kane atakana, mnyamatayo akuvula nyenyezi n'kukakhala kumowa. Marshal wakale, Martin Howe, akuonetsa zala zake zopindika ndi nyamakazi, nanena kuti anthu amakonda kukamba za lamulo koma pansi pamtima alibe nazo ntchito. Wina, Herb Baker, anadzipereka poyamba ndi mtima wonse, koma atabwerera n'kupeza kuti wodzipereka ndi iye yekha, akukumbukira kuti ali ndi mkazi ndi ana. Wometa tsitsi ndiye sakutaya nthawi: wauza kale kalipentala kuti awonjezere mabokosi a maliro, ndipo Kane ali pampando wometera akumva nyundo ikulira kuseri.

Amene amativutitsa maganizo kuposa onse ndi Sam Fuller, bwenzi lake lenileni la Kane, yemwe anali pa ukwati m'mawa womwewo. Ataona Kane akubwera, akubisala kuchipinda n'kuuza mkazi wake kuti anene kuti bambo kulibe, apita kutchalitchi. Mayiyo akunama, nkhope itagwa ndi manyazi, ndipo Kane akudziwa kuti akunamizidwa koma sakutsutsa. Inu makolo anzathu, kachithunzi aka n'kakafupi koma tonse tikukadziwa. Ndi kangati pamene mwana amatumidwa kukhomo kuti akauze mwini ngongole kuti bambo apita kunyanja, bambowo ali chete pamphasa? Mawa lake mwana yemweyo amabwera kumadrasa, ife n'kumamuphunzitsa za kuipa kwa bodza, iye akutiyang'ana. Mantha a bambo sathera mwa bambo, amasenzetsedwa kwa mkazi ndi ana.

Kenako Kane akulowa m'tchalitchi mapemphero ali mkati. Apa filimuyi ikanatha kuwajambula anthuwa ngati oipa, koma sinatero. Amuna angapo akuimirira msanga kuti amutsate. Ndiye wina akuti tiyambe takambirana. Ana akutulutsidwa panja, mtsutso n'kuyamba. Uyu akuti timakhoma msonkho, bwanji tigwire tokha ntchito ya apolisi. Uyo akuti vuto ndi andale a kumpoto omwe anamasula chigawenga. Mayi wina akuwakumbutsa kuti kale mkazi waulemu sankatha kuyenda mumsewu wa m'tauniyo. Abusa akuti sangauze anthu awo kuti apite kukapha kapena kukaphedwa. Potsiriza akuyankhula meya, Jonas Henderson. Akuyamba ndi kumutamanda Kane kuti ndi marshal wabwino kuposa onse amene anakhala nawo, ndipo woonera amaganiza kuti thandizo lapezeka. Koma mawu akukhota pang'onopang'ono: pali anthu achuma omwe akufuna kudzamanga masitolo ndi mafakitale muno, akamva za kuwomberana mumsewu sabweranso, choncho chabwino n'chakuti Kane achoke. Kane akuthokoza n'kutuluka yekha.

Sitikunyoza kukambirana ayi, paja mutu umodzi susenza denga. Koma alipo makambirano ena omwe cholinga chake n'chakuti nthawi ithe aliyense asanadzuke pampando, ndipo amene anakhalapo pa misonkhano ya makomiti akudziwa kununkhira kwake. Omwe anadzipereka osabwerera m'mbuyo anali awiri basi: chidakwa cha diso limodzi ndi mnyamata wa zaka 14. Kane anawabweza onse awiri, ndipo anachita bwino.

Nkhani imeneyi sinachokere m'mutu chabe. Wolemba wake, Carl Foreman, anaimanga pa nthano yaifupi ya John W. Cunningham yotchedwa The Tin Star, koma anaikamo zomwe zinkamuchitikira iye mwini. Mu 1951, filimuyi ili mkati mokonzedwa, Foreman anaitanidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo ya America yomwe inkasaka anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu. Iye anakhalapo membala wa chipanicho kale, koma anakana kutchula maina a anzake. Kuyambira pamenepo zitseko za ku Hollywood zinatsekeka, anzake ena anayamba kumulambalala, ndipo anasamukira ku Britain. Ali kumeneko analemba nawo The Bridge on the River Kwai ya mu 1957 popanda dzina lake kuoneka, ndipo mphoto ya Oscar ya ntchitoyo anamupatsa atamwalira kale mu 1984. Zinnemann naye anali Myuda wochokera ku Austria yemwe makolo ake anaphedwa ndi a Nazi. Anthu awiriwa ankadziwa momwe msewu umaonekera aneba onse atatseka mawindo.

John Wayne, mfumu ya makauboyi, anaida filimuyi. Mu 1971 ananena kuti sadandaula kuti anathandiza kupirikitsa Foreman m'dzikomo. Mu 1959 iye ndi Howard Hawks anatulutsa Rio Bravo ngati yankho, momwe wapolisi amakana thandizo la anthu wamba. Choseketsa n'chakuti pamene Cooper anapambana Oscar chifukwa cha High Noon, imodzi mwa zinayi zomwe filimuyi inapata, anali kunja kwa dziko, ndipo amene anakamulandirira anali Wayne yemweyo. Rio Bravo ndi yokoma kuonera, sitikana. Koma ife tili mbali ya Kane. Wapolisi amene sasowa anthu ndi wa m'nthano. Amene timamudziwa ife amasowa mboni. Injini ya boti ikabedwa padoko, odziwa amakhala ambiri koma wopita kukhoti amasowa. Wakubayo akagwidwa n'kumangidwa manja, pamenepo ndiye mudzi wonse umatulukira ndi zibonga.

Kane wa m'filimuyi si chimphona. Cooper anali ndi zaka 50, akuvutika ndi zilonda za m'mimba, ndipo kutopa kwa pankhope pake si kongopeka konse. Patsala mphindi zochepa, akukhala pa desiki n'kulemba wilo yake. Sitima ikuimba. Akutuluka panja, ndipo kamera ikukwera m'mwamba mpaka munthuyo akuoneka ngati nyerere pakati pa msewu wopanda ngakhale galu. A ku Poland anachiona bwino chithunzi cha munthu ameneyu: pa chisankho cha pa 4 June 1989, gulu la Solidarity linasindikiza Cooper akuyenda, m'dzanja atanyamula pepala lovotera m'malo mwa mfuti.

Tisaiwale amayi. Amy, yemwe mbali yake anasewera ndi Grace Kelly ali ndi zaka 21, ndi wa mpingo wa Quaker womwe umakana chiwawa cha mtundu uliwonse. Sanalowe mpingowo mwachibwana: bambo ake ndi mlongo wake anafa ndi mfuti, mlongoyo iye akuona. Akuuza mwamuna wake kuti akapanda kuchoka, iye akwera yekha sitima yomweyo ya 12 koloko. Wina ndi Helen Ramirez, mayi wa ku Mexico wochita bizinesi, yemwe sitolo yake imayendera dzina la mzungu chifukwa cha tsankho la m'tauniyo. Mayiyu anakhalapo paubwenzi ndi Miller, kenako Kane, kenako Pell, ndipo makolo amene angaonere ndi ana adziwiretu zimenezi pamodzi ndi za mowa wa m'bala. Komabe ndi iye amene akuuza Amy mosapita m'mbali kuti mwamuna ali pa moto sasiyidwa yekha.

Amy anakweradi sitima. Itangolira mfuti yoyamba, anatsika n'kuthamangira m'tauni. Kane anali atapha Ben Miller, kenako anapha Colby m'khola la akavalo lomwe adani ake analiyatsa moto, iye n'kuvulala. Jim Pierce akuika zipolopolo m'mfuti zake, Amy anamuwombera kumsana kudzera pawindo. Filimuyi siimba ng'oma pamenepa. Mayiyo wapulumutsa mwamuna wake pothyola chinthu chomwe anachigwiritsa moyo wake wonse, ndipo akanakhala kuti amuna khumi a m'tchalitchi muja anadzuka, mwina sakanafika pogwira mfutiyo. Miller anamugwira n'kumusandutsa chishango, iye anamukanda kumaso, Kane n'kuwombera.

Kuwomberana konseku kukutha m'mphindi zochepa. Fumbi lisanakhazikike, zitseko zikutseguka ndipo msewu ukudzaza anthu. Mnyamata wa zaka 14 uja akubweretsa ngolo. Kane akumugwira paphewa, akuwayang'ana enawo, akuvula nyenyezi yake n'kuigwetsa m'dothi. Akukwera ndi mkazi wake, osanena kanthu, ndipo palibe amene akuwerama kuti aitole.