Digiri Yophunzira pa Moto wa Balani

Bambo Mkonzi, ndipatseniko malo pang'ono m'nyuzi yanu kuti ndiyankhe mng'ono wanga amene agwira nchito pansi pa mgodi ku Rustenburg. Iye anandifunsa mwezi wathawu nati, "Acimwene, kodi sukulu ija muphunzira pa foni ndi yeniyeni, kapena ndi ya akathyali? Nanga ndarama zace zimakwana bwanji pa malipiro a pa pulazi?" Ndinayamba kumuyankha, koma mau anacuruka. Ndipo ndinaganiza kuti m'makomboni a migodi muli anyamata ambiri a mtundu wathu amene ali ndi funso lomweli, cifukwa cace ndati ndilembe pano kuti amve onse.

Ine ndine mdzukulu wa mchona. Agogo anga aamuna anacoka ku Dedza m'caka ca 1952, nabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lija linali kutenga anthu ku Nyasaland kudzalima fodya m'mapulazi a Azungu. Anawatula pa pulazi ina pafupi ndi Banket, ndipo sanabwererenso kumudzi. Iwo anali atafika Standard 4 pa sukulu ya mishoni, ndipo mtima wa sukulu sunawacoke. Masiku amenewo ku Salisbury, kumene lero tichula Harare, kunali masukulu ophunzitsa pa kalata, monga Central African Correspondence College imene inayamba m'caka ca 1954. Munthu anali kutumiza ndarama pa positi, ndipo maphunziro anali kumpeza m'envulopu. Agogo analembetsa pa imodzi ya masukulu otere. Koma makalata onse a pa pulazi anali kubwera m'thumba la mwini pulazi, ndipo tsiku lina iye anawaitana pa khonde, nawafunsa pamaso pa anthu ngati afuna kukhala Bwanamkubwa. Anthu anaseka. Kuyambira pamenepo maenvulopu ena anali kufika, ena osafika, kufikira agogo analeka. Atatu otsala anakhala pansi pa sutukesi yao mpaka tsiku la maliro ao, ndipo tsopano ndiwasunga ndine.

Sukulu yanga inaduka m'caka ca 2001 ndili Fomu 3, pamene mapulazi anali kulandidwa ndi kugawidwa. Atate anakhala miyezi yambiri opanda malipiro, ndipo ine ndinalowa m'munda. Pambuyo pace ndinakhala kalaliki, amene inu a ku migodi muti mabalane, wolemba masiku a anchito ndi kulemera kwa mabelo.

Cotsekereza coyamba sicinali ndarama ai, koma citupa. Ife obadwira m'komboni, ambiri tinalibe kalata ya kubadwa, ndipo amene tinali ndi citupa cinali colembedwa kuti ndife alendo, ngakhale michombo yathu inakwiriridwa pompano. Malamulo akulu a dziko a m'caka ca 2013 anati munthu wobadwira m'Zimbabwe, amene kholo lace licokera ku maiko oyandikana nafe monga Malawi, Zambia ndi Mozambique, ali mbadwa. Pamenepo ndinayenda maulendo angapo kufikira mapepala anga analongosoka. Ndiye ndinalemba mayeso a ZIMSEC monga wophunzira payekha, awiri caka cino, awiri caka camawa, mpaka anakwana asanu pamodzi ndi Cingelezi, cimene cinandigwetsa kamodzi. Ndinena izi poyamba cifukwa mayunivesite oona ambiri sadzakulandirani popanda mapepala a pansi. Imene ikulandirani popanda kufunsa kanthu, muiope.

Ine sindinaiope, ndipo ndicite manyazi pano kuti inu musadzacite. M'caka ca 2018 ndinaona cilengezo pa Facebook ca koleji ina ya kutsidya kwa nyanja. Pacithunzi panali nyumba zazitali ndi anyamata obvala mikanjo. Anati digiri itha m'miyezi 18, mayeso palibe, ndipo popeza ndine wa ku Africa andicotsera theka la mtengo ngati ndilipira sabata lomwelo. Munthu wao anali kundiimbira foni madzulo ali onse, nandichula dzina langa mokoma monga mbale. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri za akazi anga, ndi kuonjeza ndarama za bonasi, ndi kutumiza madola 180. Ananditumizira timabuku tiwiri ta pa foni, ndipo atatero anafuna zina za "cidindo". Pamenepo mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pa pulazi pathu, munthu wacikulire, anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi mwafunsa a ZIMCHE?" Ine dzinalo ndinali ndisanalimve. Ndilo bungwe la Boma, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2006, loyang'anira masukulu apamwamba ndi kuyesa madigiri ocokera kunja. Nditafufuza, koleji yanga ija sinali kudziwika ngakhale kwao komwe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Akazi anga sananene mau ambiri, koma khola lopanda mbuzi linali kunena m'malo mwao m'mawa uli wonse.

Ndinakhala zaka ziwiri osafuna kumva za sukulu. Pamene mtima unabwerera, ndinacita monga ticita posankha fodya m'shedi: kutenga tsamba liri lonse, kuliyang'ana pa kuwala, ndi kuliika pa mulu wace.

Ndinayamba ndi UNISA ya ku Pretoria, pakuti ndiyo nkhalamba ya onse. Inayamba kuphunzitsa anthu ali kwao m'caka ca 1946, ndipo Nelson Mandela anatsiriza nayo digiri yace ya malamulo m'caka ca 1989 ali m'ndende. (Ndimaseka ndekha poganiza kuti wandende ali ndi cinthu cimodzi cimene ife a pa tikiti tiribe, ndico nthawi.) Digiri yace ilemekezedwa ponse ponse. Koma kwa ine inalemera, cifukwa ilipiridwa m'marandi, ndipo wokhala kunja kwa South Africa aonjezerapo ndarama yina pamwamba. Mapepala a sukulu a dziko lina ayeneranso kuyamba ayesedwa ngati afikapo. Kwa iwe mng'ono wanga, amene ulandira marandi ndi kukhala komweko, mwina ndiyo ikuyenera koposa ine.

Ndinayang'ananso University of the People ya ku America, imene inayamba m'caka ca 2009. Iyo siilipiritsa kuphunzira kwenikweni, koma mulipira polembetsa ndi pa kuyesedwa kwa phunziro liri lonse, m'madola a ku America. Zonse zicitika pa intaneti, ndipo sabata liri lonse muyenera kulemba ndi kutumiza kanthu. Ndinaona kuti munthu wokhala m'tauni, wa magetsi ndi kompyuta, angakondwe nayo. Koma ife kuno netiweki tiipeza pa culu ca kuseri kwa dibi la ng'ombe, ndipo mvula ikagwa masiku atatu, sabata limenelo latayika.

Kwathu kwa agogo nakonso ziripo. Mzuzu University ndi LUANAR ya ku Lilongwe ziri ndi maphunziro a anthu okhala kutali, koma pa nthawi zina muyenera kukaonekera ndi nkhope, kukakhala m'kalasi ndi kulemba mayeso. Amene mabanja anu ali ku Malawi ndipo mupita ku chuthi caka ndi caka, muwerengere bwino masiku anu ngati agwirizana. Kumeneko bungwe lofunsako za masukulu obvomerezeka ndi NCHE, ndipo ku South Africa woyesa mapepala akunja ndi SAQA.

Potsiriza ndinagwa pa imene inali pafupi ndi mphuno yanga nthawi yonseyi, Zimbabwe Open University. Iyo inayamba m'caka ca 1993 monga nthambi ya University of Zimbabwe, niima payokha m'caka ca 1999. Iri ndi maofesi m'zigawo: kwathu kuno ku Chinhoyi, ndiponso ku Bindura ndi ku Marondera. Kucokera pa Banket kufika ku Chinhoyi sipakwana makilomita 30. Cinandikopa si mtengo wokha. Ndinafuna sukulu imene iri ndi citseko coti ndingagogode, ndi munthu wokhala pa mpando amene ndingamuyang'ane m'maso ngati ndarama zanga zasokera. Munthu wolumidwa ndi njoka athawa ndi luzi lomwe. Ndinalembetsa m'caka ca 2021 digiri ya kayendetsedwe ka ulimi, ndipo mwini pulazi wa tsopano, amene ndi munthu wakuda mnzathu, anabvomera kundimasula masiku a mayeso, malinga ndidzabweze Lamulungu.

Tsono mverani mmene caka canga ciyendera, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Fodya alibe cifundo ndi sukulu. Mwezi wa June tifesa nazale, September tiyamba kuoka wothirira, ndipo kuyambira December mpaka March tithyola ndi kuocha. Balani imodzi ifuna moto wosazima usana ndi usiku pafupi sabata lathunthu, poyamba wofatsa kuti tsamba lisanduke lacikasu, pambuyo pace waukali kuti liume mpaka msempha wace. Ukagona, fodya apsa kapena aola, ndipo nchito ya miyezi isanu ndi umodzi yapita. Ine ndinapempha kuti ndiziyang'anira mabalani usiku, nchito imene anzanga aikana. Ora liri lonse ndizungulira kuona kutentha ndi kudzutsa anyamata a nkhuni, ndipo pakati pa maulendowo ndikhala pa citsa ndi kuwerenga. Mabuku ndiwakopera m'foni masana pa culu paja, kuti usiku ndisadye bandulo. Zolemba zimene aphunzitsi afuna ndiyamba kuzilemba ndi pensulo kuseri kwa mapepala akale a mabelo, ndipo Loweruka ndipita nazo ku Chinhoyi kukazitaipa pa kompyuta ya ganyu. Phunziro la kawerengedwe ka cuma ca pulazi ndinalimva msanga koposa anzanga a m'tauni, cifukwa manambala amene anali m'buku ndi omwewo ndakhala ndiri kulemba zaka 15 osadziwa dzina lao.

Musanyengedwe ndi mtengo wolembedwa pa cilengezo. Pamwamba pa fizi pali bandulo, pali basi, pali cakudya ndi pogona masiku a mayeso, pakuti mayeso athu tilemba titakhala m'cipinda, woyang'anira ali ciriri. Panali kasola kakang'ono kochajira foni, ndi foni yaciwiri pamene yoyamba inagwera m'ngalande. Nditawerenga zonse ndinapeza kuti tinthu tating'ono timeneti tifika pafupi ndi fizi yeniyeniyo. Ndiponso ndarama ya dziko lino yasintha kangapo m'maso mwathu, kufikira ZiG imene inabwera mu April 2024, kotero ine ndisunga za sukulu m'madola, ndipo ndilipira mwezi umene fodya wagulitsidwa ku okushoni, ndisanaone nsapato za ana.

Cimene ndiyamika koposa ndi ici, cakuti sukulu yotere ilola munthu kupuma osafa. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inakana, cimanga cinapserera m'minda, ndipo Boma linalengeza tsoka la cilala. Ndarama ya fizi inagula ufa. Ndinalemba kalata yopempha kuimitsa maphunziro, ndipo nditabwerera, zonse ndinakhoza kale zinali kundidikira. Musangosowa cete monga acita ena; lembani kalata, ndi kusunga cithunzi cace. Funso limeneli mulifunse musanalipire kobiri: ndikadwala, kapena kontrakiti ikatha ndi kubwerera kwathu, kodi zimene ndakhoza zidzasungika zaka zingati, ndipo mayeso ndidzalembera kuti?

Inu a pansi pa mgodi muli ndi mwai umene ife tiribe. Malipiro anu abwera mwezi ndi mwezi, magetsi ali m'cipinda, ndipo migodi yina ithandiza anchito ace pa fizi ngati phunzirolo ligwirizana ndi nchito; kafunseni ku ofesi ya anchito, pakuti safunsa anadya phula. Koma muli ndi mdani wanu, ndiye shifiti yosinthasintha ndi thupi lotopa. Ndikudziwa mmene munthu aturukira m'kheji, maso ofiira, wofuna madzi ndi tulo basi. Cifukwa cace ndinauza mng'ono wanga kuti asatenge maphunziro anai pa nthawi imodzi monga acita ana a sukulu. Atenge awiri, ngakhale limodzi. Anadandaula kuti potero adzatsiriza ali ndi imvi. Ndinamuyankha kuti ine imvi zayamba kale, ndipo mwana wanga woyamba, amene ali Fomu 4, ndiye andikonzera Cingelezi ndisanatumize zolemba zanga.

Anthu a m'komboni anayamba kundichula Profesa, ena mwacipongwe, ena mwacikondi, ndipo ndibvomera onse. Anditsalira maphunziro asanu ndi kafukufuku mmodzi, amene ndifuna kulemba za nkhuni zimene mabalani athu amatha caka ciri conse, cifukwa misasa ya m'mapiri a kuno iri kutha tikuona. Tsiku lija ndinalandira zotsatira zoyamba, ndinatsegula imodzi ya maenvulopu a agogo. Munali phunziro la masamu, la kugawa mapaundi, masheleni ndi makobiri, ndipo iwo anali atayankha mafunso asanu ndi awiri mwa khumi ndi pensulo. Ndinawayesa onse asanu ndi awiri. Analakwa limodzi lokha.