Kumene matambula amaswekera ku Area 47

Ukachoka pa Gateway Mall n'kulowa misewu ya m'kati mwa Area 47, phokoso la maminibasi limatsalira m'mbuyo, kutsogolo kumangokhala mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Ndinadzera pa Bwandilo dzuwa lisanakwere. Anyamata ankatsitsa makreti a zakumwa m'galimoto, kuwaponya pansi mosanyengerera, koma palibe botolo limene linasweka, chifukwa mu kreti botolo lililonse lili ndi kachipinda kake. Ndinkapita kwa azakhali anga, amene Loweruka limenelo m'mwezi wa June ankayembekezera alendo a chinkhoswe. Tsiku lotere matambula onse a m'nyumba amatuluka.

Pabalaza pali kabati ya magalasi, ija ambiri timangoti disipuleyi. M'menemo matambula aima ngati mabotolo a mu kreti aja, iliyonse payokha, pakati pali mpata wolowa chala. Olemera ali pa shelefu ya m'munsi, opyapyala a miyendo ali pamwamba pamene ana safika. Azakhali amavundikira okhuthala poopa fumbi ndi mphemvu, koma amayamba ayala kansalu koyera, ndipo savundikira tambula isanaume, kuopa fungo la chinyontho. Opyapyala amawaimika chagada, pakuti mlomo ndiye malo ofooka, sungasenze thupi lonse. Kabatiyo inatsamira khoma, kutali ndi chitseko chimene mphepo imamenyetsa. Apa palibe chodandaulitsa.

Nkhani ili kukhitchini. Kabati ya kumeneko ndi yaing'ono, ndiye matambula a tsiku ndi tsiku analowetsedwa ina m'kati mwa inzake, mulu wautali, pambali pa mapoto. Awiri anali atakanirirana. Mtsikana wantchito, amene amayenda wapansi kuchokera ku Mtandire m'mawa uliwonse, anafuna kuwakoka ndi mphamvu, azakhali n'kumuletsa. Azakhaliwo anathira madzi ozizira m'tambula ya m'kati, ya kunja n'kuiviika m'madzi ofunda, ndipo posakhalitsa anasiyana okha. Galasi likafunda limafutukuka pang'ono, likazizira limanyala. Chifukwa chomwechi n'chimene chimang'alula tambula yogona m'khitchini yozizira ya mu June munthu akangoithira tiyi wowira: m'kati mwafutukuka, kunja kusanamve kutentha.

Sinki nayo ndi yachitsulo, pansi ndi matailosi. Chogwa pamenepo sichipulumuka. Ndinaona mbale, masupuni, mipeni ndi matambula zitamizidwa pamodzi m'madzi a thovu, dzanja likufufuza zosaoneka. Beseni lapulasitiki linalipo, lili pansi pa tebulo. Matambula amayenera kutsukidwa poyamba, imodziimodzi, m'beseni lotere, madzi asanade ndi mafuta a ndiwo.

Kuseri kwa nyumba, kumene denga la Bingu National Stadium limaonekera patali, kuli thandala. Ndi labwino kwa mapoto ndi mbale za nsima, koma timitengo take n'totalikirana, ndipo mphaka amakwerapo. Tambula si ya pathandala.

Chimene chinandiwawa ndinachimva tili pomwepo. Mtsikanayo anandiuza kuti kunyumba ina kumene ankagwira kale, tambula ikasweka madamu ankamudula malipiro mwezi ukatha. Amene amagula kabati yaing'ono m'nyumba zotere si iye. Amene amalamula kuti ziwiya za alendo ambirimbiri zitsukidwe msangamsanga mu sinki imodzi si iye. Iye ndiye amachekeka chala, kenako n'kulipiranso. Kunena zoona, matambula ambiri m'nyumba zathuzi amaswa ndi kakonzedwe ka khitchini, dzanja la wantchito limangomalizitsa.

Pafupi ndi geti pali bini ya zinyalala. Madzulo ake tambula imodzi inaswekadi, mwana wa mlendo ataigunda ndi chigongono. Azakhali anasesa, tizidutswa totsalira anatitola ndi pepala lonyowa, zonse n'kuzikulunga mu nyuzipepala asanataye. Anati amaganizira otola zinyalala ndi ana ofunafuna mabotolo, amene amapisa m'mabini ndi manja opanda magolovesi.

Inu amayi ndi abambo a pakhomo, musanadule malipiro a munthu mwezi uno, tsegulani kabati ya kukhitchini muone mmene matambula akhalira. Ngati malo achepa, otsalawo akulungeni mu nyuzipepala, muwasunge m'katoni mpaka tsiku la alendo.