Klatchi inalowa m'kati

Pamene ndinkayamba umakaniko ku Limbe m'zaka za m'ma 1980, klatchi inali chinthu choonekera. Ukagona pansi pa galimoto unkatha kulondola ndi maso njira yonse imene mphamvu ya phazi ikudutsa. Pa Volkswagen Beetle inali kebulo yochokera ku pedalo mpaka kumbuyo, ndipo ikatamuka unkangopotokola nati yake ndi dzanja. Pa Land Rover ndi Peugeot 504 inali ya brake fluid: master cylinder pamwamba, kapaipi, kenako slave cylinder yomangidwa kunja kwa giyabokosi, ikukankha foloko. Ikayamba kudontha, tinkagula timalabala tatsopano, kusalaza m'kati mwake, n'kubwezera. Dzuwa lisanapendeke mwini galimoto anali atapita.

Kuchotsa mpweya m'mapaipi kunkafuna anthu awiri. Ine, sipanala boyi, pampando. Abwana pansi, sipanala ili pa kanipo kotulutsira mpweya.

"Popa, iwe! Popa! Gwira pomwepo!"

"Ndagwira, abwana."

Iwo n'kutsegula kanipo, thovu n'kutuluka, pedalo n'kumira. Ukadzutsa phazi asanatseke, mpweya unkabwereranso, ndipo mawu amene unkalandira sindingawalembe muno.

Zinthu zinandisinthira nditapita ku Johannesburg, kumene ndinapeza ntchito pagalaja yokonza magalimoto akale. Kumeneko ndinakumana ndi anthu amene amatenga galimoto yokalamba n'kuiikira injini imene sinabadwe nayo. Yodziwika kwambiri pa zimenezi ndi MGB, kagalimoto kamipando iwiri kamene kankapangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980. Kanabwera ndi injini ya malita 1.8, koma ambiri amaikamo V8 ya Rover ya malita 3.5. Si misala ayi: injiniyo ndi ya aluminiyamu, kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi yachitsulo imene ikuchokamo, ndipo fakitale yeniyeniyo inachita zomwezo pa MGB GT V8 kuyambira 1973 mpaka 1976. Ku South Africa kunabweranso chikoka cha V8 ya Lexus, 1UZ ya malita 4, imene amaiika paliponse pamene ingakwane. Imeneyi inatuluka ku fakitale ndi giyabokosi ya otomatiki yokha, choncho wofuna magiya apamanja ayenera kupeza flywheel, chitsulo cholumikizira giyabokosi ina, ndi klatchi yonse.

Injini imakwana, giyabokosi imakwana, ndiye mavuto amayambira pa klatchi. Mpata wa pansi pa galimoto zotere ndi wopanikizika. Pamene slave cylinder ikanakhala pamapezeka kuti padutsa ekizozi, kapena thupi la galimoto lakhudza. Kebulo nayo sikondwa kudutsa pafupi ndi paipi yotentha. Choncho anthu anatembenukira ku concentric slave cylinder, imene yaphatikiza slave ndi release bearing pamodzi, n'kukhala m'kati mwenimweni, itavala shafuti ya giyabokosi ngati mphete. Foloko palibe. Kunja kumangotuluka timapaipi tiwiri, kolowetsa fluid ndi kotulutsira mpweya.

Apa m'pamene ntchito yathu inasintha nkhope. Kale tinkamanga kaye, kenako n'kusintha pang'onopang'ono mpaka phazi litavomera. Tsopano zonse zimatha usanamange. Umayeza kuchokera pamene giyabokosi ikumana ndi injini kufika pa zala za pressure plate, n'kuyezanso mbali inayo kufika pa bearing itabwerera mpaka kumapeto. Pakati payenera kutsala kampata ka mamilimita owerengeka monga wopanga wanenera, ndipo umakapeza poika kapena kuchotsa mawashala kumbuyo kwa bearing. Kampatako kakachepa, klatchi imadzaterereka ikayamba kutha, chifukwa mbale ya klatchi ikamadyeka zala zija zimasendera ku bearing. Kakakula, pisitoni imatuluka mopyola, labala n'kuphulika, fluid n'kunyowetsa mbale yatsopano. N'chifukwa chake pansi pa pedalo timaikapo bawuti yoimitsa, kuti phazi la mwini galimoto, ngakhale akwiye bwanji pa roboti, lisakankhe kupitirira.

Master cylinder nayo siingotoledwa. Ya 3/4 inchi ndi ya 7/8 inchi zimaoneka ngati mapasa pashelefu, koma yaikuluyo imakankha fluid wochuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo pedalo imalimbanso chimodzimodzi. Yaing'ono kwambiri imapatsa pedalo yofewa bwino koma klatchi osamasuka, giya n'kumakukuta ukamalowetsa livesi. Mwini galimoto amangodandaula kuti bondo likuwawa kapena giya ikukana. Kuwerengera kwake n'kwako. Pa fluid, DOT 3 ndi DOT 4 zimasakanizika, koma zimayamwa chinyezi ndipo zikadonthera pa penti zimaisupula. DOT 5 ndi ya silikoni, siyenderana ndi zinzakezo ngakhale dzina likufanana.

Sindikana, concentric ikakhala bwino pedalo yake ndi yokoma, yopepuka, ndipo imadzisintha yokha klatchi ikamatha. Chimene sindiikhululukira n'chakuti kalabala kamodzi kakatopa, giyabokosi yonse itsike, ndipo pa MGB nthawi zambiri injini imatuluka nayo limodzi. Timalabala togula patokha tasowanso. Nthawi zambiri amakugulitsa chinthu chonse.

Ndikabwera kumudzi ndimapeza kusintha kwina. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan, olowera ku Dar es Salaam ndi madoko ena, ndi a otomatiki, ndipo pali anyamata m'magalaja odziwa kulumikiza kompyuta pagalimoto amene sanagwirepo kanipo ka klatchi. Sindiwanyoza, akudya za nyengo yawo. Koma ma Hilux, ma Land Cruiser ndi maminibasi akadali ndi mapedalo atatu, ndipo injini timazisinthabe tsiku ndi tsiku, osati pofuna liwiro koma chifukwa yakale yafa.

Kwa inu amene mukusintha injini, kaya pa MGB kaya pa galimoto yonyamula chimanga: ngati mpata ulipo, isiyeni slave cylinder panja pamene dzanja lingafike. Ngati palibe, yezani kawiri musanakweze giyabokosi, kapaipi kotulutsira mpweya kayang'ane kumwamba, ndipo mapaipi onse awiri muwatalikitse ndi ekizozi.