Cheni Cobisika m'Mimba mwa Honda Yakale

Njinga yamoto ikakalamba imayamba yadandaula isanafe. M'mawa mukailiza, injini isanafunde, mumamva kaphokoso kocokera kumutu kwa injini, konga ka unyolo wa galu wokokedwa pa lata. Ife amene timayenda pa mahonda m'misewu ya fumbi ya ku Katete, Chadiza ndi Lundazi timakadziwa bwino kaphokosoka. Ambiri amangokamva ndi kupitiriza ulendo, poti njinga ikali kuyenda ndipo ndalama ya m'thumba ili kale ndi nchito yake. Koma kawirikawiri cimene cikulira pamenepo ndi cheni ca m'kati mwa injini, ndipo kulira kwake sikwacabe.

Awerengi ena adzadabwa kumva kuti njinga ili ndi macheni awiri. Ca kunja, cokoka gudumu la m'mbuyo, aliyense amaciona. Cinaco n'cacing'ono, cimakhala mumdima ndi kusamba oilo, ndipo nchito yake ndi kusunga pangano pakati pa pisitoni ndi mavalavu. Pisitoni imatsika kukoka mpweya ndi petulo, imakwera kuzipanikiza, imatsikanso moto ukaphulika, kenaka imakwera kutulutsa utsi. Pa maulendo anayi amenewa kilanki ya pansi imazungulira kawiri, pamene kamushafuti, kacitsulo kokhala ndi mabuthu kamene kamatsegula mavalavu, kayenera kuzungulira kamodzi kokha. Ndico cifukwa cake giya ya pamwamba ili ndi mano owirikiza kawiri a giya ya pansi. Pa Honda C70 mano a pansi ndi 14, a pamwamba 28.

Tachula C70 cifukwa ndiyo ili pakhomo pathu. Anatisiyira ndi malemu atate, ndipo mpaka lero ndiyo imapita ndi thumba la cimanga kucigayo, ndiyonso imanyamula amayi kupita nao kucipatala miyendo ikawavuta. Itayamba kulira ndi kulephera zitunda, anansi anatilangiza kuti tiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, tigule ina mwa zatsopano zimene zadzaza m'tauni ya Chipata. Uphungu wao sunali woipa mtima, koma unali wodula. Njinga za banja limeneli la Super Cub zinayamba kupangidwa ku Japan mu 1958, ndipo pofika 2017 zinali zitakwana 100 miliyoni. Cinthu cimene capangidwa zaka zonsezo sicitayidwa cifukwa ca kacheni kokwana m'dzanja limodzi.

Tinene pano mwacidule kuti si honda iliyonse ili ndi cheni cotere. CG125 ya masiku akale, imene inatuluka mu 1975, imatsegula mavalavu ndi timitengo tacitsulo. Anaipanga dala motero ataona kuti m'maiko ambiri eni njinga sasintha oilo pa nthawi yake, ndipo mitu ya mainjini inali kutha msanga. Tsono mwini CG125 yotere akauzidwa kuti alipire cheni ca taimingi, afunse kawiri.

Anthu amati cheni catanuka, koma citsulo sicitanuka ngati mphira. Cimene cimacitika n'cakuti timisomali tolumikiza mfundo zake timadyeka pang'onopang'ono, ndipo kudyeka kwa mfundo iliyonse kukaphatikizana cheni conse cimatalika. Wodya wamkulu ndi oilo wakuda wosakanizika ndi fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, lolowera pa sefa ya mpweya yong'ambika. Cheni cikatalika, kamushafuti kamatsalira m'mbuyo, mavalavu amatseguka mocedwa, njinga imafooka. Pali kacipangizo kochedwa tenshona kamene kamakunga cheni. Pa njinga zina kamadzikankha kokha ndi sipuling'i, pa zina zakale mumamasula nati kuti kagwire nchito. Wanzeru amayamba wayesa kameneka, pakuti nthawi zina matenda amathera pomwepo. Koma tenshona ikafika pamapeto pake phokoso lili cilirire, cheni catha.

Coopsa ndi tsiku limene cheni colendewera cidzalumpha dzino. Pa giya ya mano 28, dzino limodzi ndi madigiri pafupifupi 13 a kamushafuti, kutanthauza 26 a kilanki. Dzino limodzi likhoza kungoipha mphamvu njinga. Awiri kapena atatu angacititse kuti pisitoni ikumane ndi valavu ili yotseguka, valavuyo n'kupindika. Apo ndiye kuti mtengo wa cheni wabereka ana, ndipo kawirikawiri zimenezi sizicitikira pabwalo la nyumba koma pakati pa thengo, wodwala ali pambuyo.

Nchito yosintha cheni ifuna maso kuposa nyonga. Ife tinayala saka loyera pansi pa mtengo wa mango, tinatsuka injini kunja tisanamasule kanthu, ndipo tinaika manati m'mbale molingana ndi mmene anatulukira. Oilo amayamba watuluka. Kenaka mumacotsa civundikiro ca kumanzere ndi gudumu la maginito, ndipo gudumu limeneli lili ndi cida cake cokokera, cimene amakanika amacicha pula. Tinakabwereka kwa makanika wina wacikulire wa pamsika. Taonapo anyamata akulikhoma gudumuli ndi hamala, ndipo mtima umatiwawa, pakuti hamala imapha maginito ndi kuononga nsonga ya kilanki. Mukamasula giya ya pamwamba, mangani cheni ndi kawaya kuti cisagwere m'kati nthawi yake isanakwane. Nthawi zambiri mutu wa injini nawo uyenera kucoka kuti mufike pa kagudumu ka mphira kotsogolera cheni, motero gasiketi yatsopano ikhale pafupi.

Pogula cheni tengani cakaleco m'thumba, muwerenge mfundo zake pamaso pa wogulitsa. Ca C70 cili ndi mfundo 82. Za m'mapaketi owala zochipa kwambiri tizisamala nazo, paja cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo cheni catsopano pa mano akutha sicikhalitsa: magiya akasongoka ngati minga, kapena timagudumu ta mphira tikakumbika mizere, zonse zisinthidwe pamodzi. Pa injini yogona ngati yathuyi pali cifukwa cinanso, cimene ambiri sacidziwa. Cheni comweco ndico cimazunguza kagiya koyendetsa pampu ya oilo. Kagiyako kakatha mano, oilo safika bwino kumutu, ndipo mutu wouma sucedwa kupsa. Amene amadula mfundo kuti cheni cakale cikungike sitigwirizana nao konse, pakuti timisomali totsalato ndi todyeka kale.

Tsopano pafika pamene pagona nkhani yonse. Pa gudumu la maginito pali zilembo ziwiri zoyandikana, T ndi F. Cilembo F ndi ca moto wa pulagi, sicikukhudzani lero. Cilembo T cimasonyeza kuti pisitoni ili pamwamba penipeni. Zunguzani gudumu ndi dzanja, mobwerera kumanzere, mpaka T alunjike pa kamzere ka pa thupi la injini. Pa giya ya pamwamba pali kacizindikiro kozungulira konga O, ndipo kameneka kayenera kuyang'anizana ndi kamphako kolembedwa pa mutu wa injini, mabuthu a kamushafuti atafulatira timikono ta mavalavu. Zizindikiro ziwirizi ziyenera kukumana nthawi imodzi. Zikasemphana, musakankhe kilanki kuti zioneke ngati zagwirizana. Vulani cheni pa giya, musunthe dzino limodzi, muyang'anenso. Ife tinavula ndi kuveka kangapo dzuwa likupendeka, mng'ono wathu atagwira gudumu kuti lisasunthe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukabwezera tenshona yang'ananinso, cifukwa cheni cikakungika zizindikiro zimatha kusuntha pang'ono. Ndipo musathamangire kuponda kiki. Pulagi ili kunja, zunguzani injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu. Mukamva yagunda penapake, imani pomwepo, pakuti dzanja limamva zimene phazi silingamve. Ikazungulira momasuka, T ndi O n'kubwerera pamalo pao, taimingi yakhala.

Catsala ndi mpata wa matapeti, umene umayezedwa injini ili yozizira. Kumbukirani kuti T amafika kawiri, koma ulendo woyenera ndi umene timikono tonse tiwiri tikugwedera mukatigwira. Pa C70 mpatawo ndi mamilimita 0.05, wopyapyala kuposa pepala la m'kope la mwana wa sukulu, ndipo umayezedwa ndi kacitsulo kochedwa fila geji, osati ndi maso. Njinga za mtundu wina zili ndi miyeso yake, yolembedwa m'buku lake.

Tinatsuka kasefa ka oilo, tinathira oilo watsopano, tinasoka sefa ya mpweya. Njinga inalira pa kiki yaciwiri, mwakacetecete, mwakuti amayi anatuluka m'khichini kudzafunsa ngati tabwereka ya wina. Tsiku losintha oilo tsopano timalilemba ndi pensulo kuseri kwa citseko, pamodzi ndi makilomita ake.